Mwana wanga akulira ndi buku la mtsikana wachisilamu wothawa nkhondo, ndimulande kapena ndimusiye?

Abiti_M

Salaam aleikum abale, ndi ena nonse moni. Ndithandizeni maganizo. Ine ndili ku Sheffield chaka chachinayi tsopano, ndimagwira ntchito yosamala okalamba, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14 ndipo hijabu amavala mwa kufuna kwake. Sabata yatha wabwera ndi buku la ku laibulale, When Michael Met Mina, wolemba wake Randa Abdel-Fattah wa ku Australia. Lachitatu ndikufika kunyumba usiku ndamupeza sanagone maso ali psuu, kumufunsa akuti palibe amayi ndi nkhani chabe. Ndiye ndalitenga ndakhala ndikuwerengako mu basi. Mtsikanayo Mina anathawa ku Afghanistan ndi mayi ake pa boti, anakhalako mu kampu yotsekera othawa kwawo, wakulira ku Auburn mu Sydney kenako wapeza sikolashipu ku sukulu ya ana a anthu olemera. Kumeneko ndi komwe kuli Michael, amene bambo ake anayambitsa gulu lokana othawa kwawo. Mawu ena amene anthu akulankhula m'bukumo eeh ine wamkulu yemwe mtima unandiwawa.

Chikundiopsa ndi ichi, ife tinali konkuno mu Ogasiti 2024 pamene anthu anakaphwanya hotela yosungira ofuna chitetezo ku Rotherham mpaka kuyatsa moto, ndi pafupi pompano, tinatha masiku osatuluka. Mwanayu ndi pomwe wayamba kukhazikika. Kodi mabuku ngati awa sakumuzutsira mantha omwe aja? Komanso ifetu sitinathawe nkhondo, tinabwera ndi viza ya ntchito, bwanji adzisenzetse katundu wa eni?

Mphunzitsi_Zomba

Abiti musamulande chonde. Bukulo ndinaliwerenga, ku America analitulutsa ndi dzina lakuti The Lines We Cross, ndipo zomwe zili mmenemo wolembayo sanazitole m'maloto. Mu Ogasiti 2001 sitima ya ku Norway yotchedwa Tampa inapulumutsa anthu 433 panyanja, ambiri a ku Afghanistan, boma la John Howard linakana kuti atsikire ku Australia, ambiri anakathera ku chilumba cha Nauru. Kuchokera pamenepo nkhani ya "anthu a pa boti" inasanduka ya kampeni chisankho chilichonse. 2005 kunali ziwawa ku Cronulla, gombe la ku Sydney, azungu kumenya aliyense wooneka ngati Mwarabu. 2017 wandale wa ku Australia Pauline Hanson analowa mu Senate, nyumba ya malamulo, atavala burqa pofuna kuti iletsedwe. Ndiye mwana ngati Mina wakula akumva akuluakulu ovala masuti akukambirana pa TV ngati iyeyo ndi munthu kapena vuto.

Chomwe ndimalikondera ine ndi choti bambo ake a Michael sanawalembe ngati chilombo. Ndi munthu waulemu, wophunzira, amakonda ana ake, salalata. Amangoti ife tikuteteza chikhalidwe chathu. Tsankho lambiri limabwera chonchi, likumwetulira, ndipo mwana akakumana nalo amasokonezeka chifukwa palibe amene wamutukwana koma akumva kupweteka, mpaka amayamba kudzikayikira kuti mwina ndine amene ndikukokomeza. Buku limamupatsa mawu oti atchulire chinthucho.

Bambo_a_Yusufu

Ine ndikusiyana nanu aphunzitsi. Mwana wa zaka 14 adziwerenga za sukulu ndi Qur'an basi. Komanso bukulo si la chibwenzi? Mtsikana wachisilamu ndi mnyamata wachizungu, mwati tikuphunzitsa chani pamenepa. Mayi mubwezeni ku laibulale.

Shakira_wa_ku_Leeds

Anti, ine ndili ku yunivesite, ndinabwera kuno ndili ndi zaka 11 ndiye mabuku amenewa ndawawerenga ambiri ndithu, ndinkachita kuwasaka. Bambo a Yusufu chibwenzicho chilimodi sindikana, koma mwana wa zaka 14 wa kuno za chibwenzi akuziona tsiku ndi tsiku pa foni, chimene chamuliza si chimenecho.

Dandaulo langa ndi lina. M'mabuku ambiri otere mtsikana wachisilamu amayenera kukhala wanzeru kuposa kalasi yonse, wodziwa kuyankha, wa mbiri yomvetsa chisoni, ndiye pomwe owerenga amuone ngati munthu. Nanga amene amalephera masamu, wolusa, wosalankhula bwino Chingerezi, iyeyo ndiye amubweze? Komanso ntchito yosintha mzungu imagwera mwana yemwe wapwetekedwayo, afotokoze, apirire, afotokozenso mpaka mnyamatayo atseguke maso. Mina pena amakana, amamuuza Michael kuti akafufuze yekha, ndipo pamenepo ndinamukonda, koma mutu uliwonse wachiwiri ndi wa Michael ndipo ulendo waukulu wosintha ndi wa iyeyo. Ine ndinatopa nazo zimenezi ndili sekondale, chikaphulika chinthu kwinakwake mmawa wake kalasi yonse maso pa ine ngati ndine mneneri wa Asilamu dziko lonse.

China chomwe chimandiwawa kwambiri, m'mabuku amene ndawerenga ine othawa kwawo amakhala a ku Syria kapena Afghanistan. Other Words for Home la Jasmine Warga ndi labwino zedi, Jude akuchoka ku Syria kupita ku Cincinnati, akuyamba kuvala hijabu anthu n'kusintha mmene amamuyang'anira, linapata Newbery Honor, mphoto ya mabuku a ana ku America, mu 2020, mng'ono wangayo mumupezere limenelo ndi lofewerapo. Koma mtsikana wakuda bii wovala hijabu ngati ine sindinamupeze kawirikawiri. Ife zimatigwera mbali ziwiri, mu basi akunena mpango, ku madrasa ana ena achimwenye kapena achiarabu akunena khungu, pena kukufunsa kuti unalowa liti Chisilamu pomwe agogo a agogo ako ku Mangochi anali Asilamu kalekale. Zimenezo palibe amene anandilembera.

Ndipo anti zoti sitinathawe nkhondo, amene akukuwa mumsewu safunsa viza. Ku Southport, komwe ziwawa za 2024 zija zinayambira ana ataphedwa, bodza linali lakuti wopha anawo ndi Msilamu wobwera pa boti, pomwe anabadwira ku Cardiff, koma njerwa zinakagwa pa mzikiti.

Che_Jafali_Durban

Achemwali ine mabuku a Chingerezi sindiwerenga kwenikweni koma za kuthamangitsidwa ndikuzidziwa, 2015 ndinagona mu tenti kuno ku Durban katundu yense atapita, dzina lathu linali makwerekwere. Mwana wanga wamwamuna anali ndi zaka 9, anatha chaka osanena kanthu za masiku amenewo, ife n'kumati waiwala. Sanaiwale. Ndiye ine ndikuti buku lisiyeni kaye, funsani mwanayo kuti ndi tsamba liti lamuliza. Munthu salira ndi nkhani ya ku Australia popanda chake chomwe chakhudzidwa. Mumufunse muli awiri, mukuphika kapena mukumuluka tsitsi, osati momukhazika pansi ngati mlandu.

Ndipo tisamaloze azungu okha. Kwathu 2023 boma linasonkhanitsa othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, ana ena obadwira ku Lilongwe olankhula Chichewa ngati ife, ndipo anthu ambiri anaombera m'manja ati maburundi atilanda mabizinesi. Mawu ake ndi omwe aja ankatinenera ife kuno.

Abiti_M

Zikomo nonse, Che Jafali ndachita momwe munanenera. Dzulo ndikumuluka ndamufunsa, poyamba anangoti zii, kenako wanditsegulira pamene anthu akunyoza lesitilanti ya makolo a Mina chifukwa cha nyama ya halaal. Akuti chiyambire temu ino pali anyamata awiri mu basi ya kusukulu amene akamuona akukwera amapanga phokoso la bomba ndi pakamwa, ena n'kumaseka, tsiku lina mmodzi anamukoka hijabu kumbuyo. Miyezi iwiri osandiuza, ati amayi mumabwera otopa ndipo ndimaopa kuti mundiuza ndivule. Ndalira abale, ine ndimaganiza kuti ndikumuteteza posalankhula za 2024 zija.

Ndalemba kalata kwa ahedi, Lolemba ndapempha ofu kuntchito ndikupita naye limodzi. Bambo a Yusufu za chibwenzizo tikambirana ine ndi iye, sindikuzitaya. Buku ndamubwezera watsala ndi mitu inayi. Shakira mwanangu, wakufunsa ngati ukudziwa lina lililonse lomwe mtsikana wake ndi wakuda, ngakhale limodzi, unditumizire dzina ku inbox ndikalifunse ku laibulale Loweruka.