Akazi a atsogoleri amathandizadi ana, kapena n'zapamsonkhano chabe?

Aphunzitsi_Ngabu

Anzanga, ndithandizeni. Ana anga a Fomu 3 akukonzekera mtsutso Lachisanu, mutu wake ndi wakuti akazi a atsogoleri a dziko amathandizadi ana. Gulu lotsutsa lakhuta mfundo. Akuti mabungwe a amayi amenewa, kaya ndi Ethel Mutharika Foundation, kaya BEAM ya mayi Gertrude Mutharika, kaya Shaping Our Future ya mayi Monica Chakwera, timawamva pawailesi bambo ali pampando, bambo akatsika nawonso zii. Gulu lovomereza likungoyang'anana. Alipo mayi amene ntchito yake inapitirira mwamuna atachoka? Ndikufuna chitsanzo choti mwana wa kuno kuchigwa achimvetse.

Gogo_waTengani

Aphunzitsi, musapite kutali, ingowolokani malire pa Marka kulowa ku Mozambique. Auzeni za mayi Graça Machel.

Ana a lero sadziwa kuti kuno ku Nsanje tinakhalapo ndi anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ochuluka kuposa ife eni mudzi. Dziko lonse la Malawi linasunga oposa miliyoni imodzi. Ku Nyamithuthu ndi ku Mankhokwe kunali misasa yosaoneka polekezera, anthu pamzere ndi makhadi awo kudikira ufa, nandolo ndi mafuta. Chilankhulo sichinkavuta, ambiri anali Asena anzathu, ena abale enieni. Chinkavuta ndi ana. Panali kamnyamata kena kankabwera kudzasewera ndi ana anga. Tsiku lina lole inaphulitsa ekizozi pamsewu, anzake n'kuseka, iko kanagwa chafufumimba m'ngalande manja kumutu, ndipo kanakana kutuluka mpaka mayi ake atabwera kudzakanyamula. Sikanalire n'komwe.

Ana otere ndi amene mayi Graça anawayankhulira. Amuna awo, a Samora Machel, mtsogoleri wa dziko la Mozambique, anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini mu 1986, ndiye za mpando zinathera pomwepo. Koma mu 1994 mlembi wamkulu wa United Nations, a Boutros Boutros-Ghali, anawatuma kukafufuza zomwe nkhondo imachita kwa ana. Anayenda m'maiko a nkhondo, nakapereka lipoti mu 1996 lonena kuti ana pafupifupi 2 miliyoni anaphedwa pankhondo m'zaka khumi zokha. Chaka chotsatira UN inatsegula ofesi yoona za ana ndi nkhondo, ndipo mu 2000 maiko anagwirizana pangano loletsa kukakamiza mwana wosakwana zaka 18 kulowa usilikali. Kafukufuku ndi lipotilo anachita ali mayi wamasiye. A Mandela anadzakwatirana nawo mu 1998, ntchito ili kale m'manja.

Chibwe_Nchalo

Agogo, mwayankhula bwino, koma mundilole nditsutseko pang'ono. Chitsanzo chanu chikuthandiza gulu lotsutsa lija. Mayi Graça sanadziwike chifukwa cha ukwati. Anakaphunzira ku yunivesite ku Lisbon, analowa Frelimo nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1975 anakhala nduna ya maphunziro mpaka 1989. Onani bwino chakacho: zaka zitatu amuna awo atamwalira anali akadali nduna. Ameneyo ndi wandale payekha. Ndiye ana anene kuti anathandiza monga mkazi wa mtsogoleri, kapena monga munthu amene anali kale ndi khasu lakelake?

Chinanso, lipoti la UN lija la ku New York mwana wa ku Makhanga amene sukulu yake inamira ndi madzi limamupatsa chiyani? Ine ndikufunsa chabe.

Mayi_aMotherGroup_Bangula

Bambo a ku Nchalo, funso lanu lomalizalo ndiyankhe ine, poti ndi ife timayenda khomo ndi khomo.

Mayi Graça, a Desmond Tutu ndi akuluakulu anzawo a gulu la The Elders ndi amene anayambitsa Girls Not Brides mu 2011, mgwirizano wolimbana ndi maukwati a ana. Kuno kwathu lamulo loti ukwati ndi zaka 18 linabwera mu 2015, ndipo mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti makolo asamathe kuvomereza mwana wochepera pamenepo. Sindikunena kuti anakonza ndi iwowo, anthu ambiri anakuwa, ena ngati malemu Inkosi Kachindamoto a ku Dedza anachita kuthetsa maukwatiwo ndi manja awo. Koma phokoso lakunja linathandiza kukankha.

Kusiyana kwake ndimakuona ine. Kale tikapita kwa bambo amene walandira kale mbuzi ndi ndalama za malowolo, ankangotifunsa kuti mwanayu ndi wanu kodi? Tinkabwerako chimanjamanja. Lero timapita ndi anyakwawa, ndipo tikatchula apolisi munthu amayamba kutiyalira mphasa. Namondwe Freddy atadutsa mu 2023, sukulu zambiri zinasanduka misasa, chimanga ndi mapira zitapita ndi madzi, ndipo makolo ena anaona kuti kuchepetsa pakamwa n'kukwatitsa mtsikana. Ena tinawabweza ndi lamulo lomwelo. Ena anawolotsedwa Shire pabwato usiku, sitinawaonenso.

Za mabungwe a amayi athuwa, musawanyoze kwambiri. Mtsikana amene analipiliridwa fizi n'kulemba Fomu 4 satifiketi yake siitha ntchito boma likasintha. Dandaulo langa n'lakuti thandizo lotere kuti lidzatsike Thabwa n'kufika kuno limakhala litachepa, ndipo amene ali pakati pa sukulu mpando ukasintha amatsala m'malere.

Aphunzitsi_Ngabu

Zikomo nonse. Zolemba za agogo ndipereka kwa ovomereza, za a Chibwe kwa otsutsa, akakanganire okha. Mayi a ku Bangula, mungabwere Lachisanu kudzakhala woweruza? Thiransipoti ndi yathu, koma bwerani m'mawa dzuwa lisanakwiye, holo yathu ndi yamalata.