Loko za rimoti ndi za manambala: akuba amadutsa pati?

Wa ku Katoto:
Akuluakulu, galimoto zobwera kuchokera ku Japan zambiri zimatsegulidwa ndi rimoti, ndipo ena ayamba kuika loko za manambala pakhomo. Kodi chiopsezo chake chili pati?

Makaniko wa ku Luwinga:
Achimwene, njira yofala ndi yotsekereza siginolo. Wakuba amaima pafupi ndi kachipangizo kosokoneza mafunde a rimoti. Inu mwadina, mwapita kumsika, koma zitseko sizinakhomeke. Mukadina, kokani chitseko ndi dzanja musanachoke. Kwa galimoto zoyatsa ndi batani, anthu awiri amatha kutenga siginolo ya kiyi yomwe ili m'nyumba n'kuifikitsa kugalimoto panja. Usiku musasiye kiyi pawindo, ikani m'kachitini kachitsulo kotseka bwino. Pa makiyi ambiri a Toyota, gwirani batani lokhoma, kenako dinani lotsegula kawiri, kiyi imasiya kulandira siginolo. Batire yake, nthawi zambiri CR2032, isinthidwe ikangoyamba kufooka.

Wamagetsi wa ku Chibavi:
Pakhomo vuto lalikulu ndi loko ya maginito: magetsi akazima imamasuka yokha. Pamafunika batire ya 12V 7Ah, ndipo muziiyesa mwezi uliwonse pozimitsa magetsi dala. Nambala yotsegulira yomwe loko imabwera nayo kuchokera kufakitale isintheni tsiku lomwe mwaika lokoyo, ndipo wantchito akachoka, fufutani yake.

Mayi wa ku Mchengautuba:
Musaiwale chinyontho cha kuno ku Mzuzu. Mvula ndi nkhungu zimadya timawaya ta kiyipadi (podinira manambala) yapanja, choncho ikhale pansi pa khonde. Loko ya kiyi wamba ikhalepobe kuti ithandize ya manambala ikalephera.