Siponsa wandibwezera propozo akuti manambala anga ndi osakwanira, ndilembe chani?

Dolo wa Kamera
Akuluakulu mwaswera bwanji, tandithandizeni pano mutu waima. Filimu yathu ija tinajambula ku Chiradzulu, ya mphindi 96, tinaiika yonse pa YouTube miyezi 4 yapitayo ndipo trailer tinaponya pa Facebook. Pali bungwe lina, sindilitchula, lasonyeza chidwi chothandiza gawo lachiwiri koma mayi amene akuona mapropozo andibwezera pepala akuti manambala a anthu oonera sakumveka. Ine ndinangophatikiza ma views a Facebook ndi a YouTube nkulemba nambala imodzi yaikulu basi. China, mnzanga amene timapanga naye akuti gawo lachiwiri tilidule tizidutswa ta mphindi 15 poti anthu masiku ano sakuoneranso zazitali, ine mtima ukukana, dzulo tinakangana mpaka nsima anadya yekha.

Anaphiri Editor
Achimwene pamenepo mayiwo sanalakwe, mwaphatikiza mbuzi ndi nkhuku nkumati ziweto zakwana. Facebook kwa zaka zambiri inkawerenga view munthu akangoima masekondi 3, ndiye amene amangodutsa ndi chala ali mu minibasi nayenso mwamulemba kuti waonera filimu yanu, chonsecho inali trailer. Ngakhale a Netflix asintha kawerengedwe kangapo, poyamba ankafuna munthu aone 70 peresenti, kenako anatsitsa kufika mphindi 2 zokha, kenako anayamba kuwerenga maola, ndipo kuyambira 2023 amatenga maola onse amene anthu aonera nkugawa ndi kutalika kwa filimu. Inuyo chitani chimodzimodzi. Lowani YouTube Studio pa kompyuta osati pa foni, pitani pa Analytics, tengani watch time, maola onse amene anthu aonera. Filimu yanu ndi ola limodzi ndi mphindi 36, ndiye kuti maola 1.6. Tiyerekeze mwapeza maola 1,600, mukagawa mupeza 1,000, ndiye ngati kuti anthu 1,000 anaonera mpaka kumapeto. Nambala ichepa, mtima upweteka, koma imeneyo palibe angakutsutseni.

Che Jafali wa Pulojekita
Kkkk mbuzi ndi nkhuku. Koma Anaphiri mwamupha mwanayu.

Mphunzitsi Wopuma
Ine ndingowonjezera kuti mu propozo muikemonso chithunzi cha dziko lonse. Mu 2019 nyumba zoonetsera mafilimu padziko lonse zinapeza ndalama zoposa 42 biliyoni dola, mu 2020 Covid itavuta zinatsika kufika cha m'ma 12 biliyoni. Lipoti la UNESCO la 2021 linapeza kuti Africa yonse ili ndi masikirini a m'nyumba zoonetsera mafilimu 1,653 okha, sikirini imodzi anthu pafupifupi 787,000. Izi zikusonyeza kuti kuno tsogolo lili pa foni.

Anaphiri Editor
Aphunzitsi ulemu wanu, ya UNESCO ija ailembe mzere umodzi ithandiza, koma mabiliyoni a dolawo asiye. Mayiwo akufuna adziwe kuti filimu ya ku Chiradzulu anaonera ndani, ali kuti, anasiyira pati. Za Hollywood ali nazo kale mu ofesi mwawo.

Dolo wa Kamera
Ndalowa. Eeh nambala yatsikadi mpaka ndachita manyazi. Ndapezanso girafu ya retention, yoonetsa pamene anthu akusiyira kuonera, mzere ukuyamba pamwamba kenako ukugwa ngati phompho m'mphindi 3 zoyambirira, ukatero ukuyenda bwinobwino motsetsereka pang'onopang'ono, pa mphindi 41 ukugwanso kwambiri, ndiye pa 58 pali kaphiri kakukwera. Ndiye kuti mnzanga uja akunena zoona eti, anthu sakupirira?

Anaphiri Editor
Musathamange. Tsegulani filimuyo muone chimene chili pa malo atatuwo kaye. Ya poyambayo ndikuidziwa kale poti ndinaionera: ma logo atatu, kuthokoza Mulungu, kuthokoza amfumu, kuthokoza amene anabwereka jenereta, kenako drone ikuzungulira phiri nyimbo ikulira, munthu woyamba kuyankhula akutulukira patatha mphindi 3. Munthu wagula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo, akuona ma MB akupita iye akuwerenga maina a anthu osawadziwa, atani? Amenewo sanakane filimu yaitali, filimuyo sanaione nkomwe. Ndipo musiyanitse zinthu ziwiri, bandulo ikamatha kapena foni ikamazima mzere umatsetsereka pang'onopang'ono chifukwa aliyense zimamuthera nthawi yakeyake, koma ukagwa malo amodzi ngati pa 41 paja ndiye kuti pali chinachake pa sikirini chimene chikuwathamangitsa. Kaphiri ka pa 58 ndi anthu akubwezera kuti aonenso, kapena akudumphira pomwepo atauzidwa ndi anzawo.

Mjomba wa Sound
Pa 41 musavutike kufufuza, ndi sini ya pachigayo ija. Ndinanena tsiku lomwelo kuti tipemphe azimitse injini kwa mphindi 10 tiwapatse kangachepe, munati dzuwa likulowa tijambule basi. Mawu a mtsikana uja akuulula za mimba sakumveka, pa sipika ya foni ndi phokoso lokhalokha, ndipo sini yake ndi yaitali. Ndikadali ndi mafayilo, mtsikanayo akapezeka tsiku limodzi timulowetse mu chipinda cha makatani abwereze mawu ake, tiike pamwamba.

Dolo wa Kamera
Mjomba mwandigwira pakhosi, ndi pachigayo pomwepo. Pa 58 ndi pamaliro paja azakhali akutaya zovala za mkamwini panja.

Che Jafali wa Pulojekita
Imeneyo ndiye trailer yanu bwana, osati phiri. Ine ndikamaonetsa m'masukulu ndi m'maholo a tchalitchi sini ya mkangano wa pamaliro anthu amaimirira okha. Koma ndinene china chimene ma girafu anuwo sakuonetsani. Kuno munthu mmodzi amadawuniloda usiku bandulo ikatchipa, mawa filimu ili pa burning centre, akuikopera anthu mu memori khadi limodzi ndi mafilimu a ku China omasulira m'Chichewa aja, kenako ili mu video show ana adzaza mabenchi. YouTube ikuwerenga mmodzi kapena osawerenga nkomwe. Lipoti lomwe atchula Aphunzitsilo linanenanso kuti kukopera kotereku kumadya theka la ndalama za mafilimu mu Africa kapena kuposa. Ndalama yatayika inde koma anthuwo ndi oonera anu. Tengani kope la sukulu, zungulirani maburning centre angapo ku Ndirande, Bangwe ndi ku Limbe, funsani ngati ali nayo ndipo amaikopa kangati pa sabata, lembani tsiku ndi malo, osapita ndi nkhope ya wapolisi akubisirani. Mu propozo mulembe padera kuti awa ndi manambala ofunsa pakamwa, osawasakaniza ndi a YouTube. Ndipo ngati simunalembetse filimuyo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, pitani, ndalama ya blank media levy, imene imadulidwa pa zipangizo zokoperamo, imagawidwa kwa amene ntchito zawo zili m'kaundula.

Mai a Ma Script
Pa nkhani yodula ija ine ndili pakati. A ku Nigeria ambiri pano akuponya mafilimu athunthu pa YouTube, a ola ndi theka kapena maola awiri, makamaka chichokereni pomwe Prime Video inasiya kuika ndalama m'mafilimu atsopano a mu Africa kumayambiriro kwa 2024, ndipo anthu akuonera. Ndiye zoti zazitali zinatha si zoona. Koma Nigeria si Malawi, thumba la oonera ndi losiyana. Achimwene dinani Advanced mode, musankhe Geography, muone average view duration, nthawi imene munthu amakhala akuonera, dziko ndi dziko, yankho la mkangano wanu lili pamenepo. Mutha kutulutsa zonse mu Google Sheets pompo.

Dolo wa Kamera
Mai mwandiotcha m'maso. Malawi ndi amene ali ndi ma views ambiri koma amakhala kanthawi kochepa, South Africa ndi yachiwiri koma maola ake akuposa a kuno, UK ochepa koma akuoneka kuti amakhala mpaka kumapeto ndipo ambiri pa TV. Pa traffic source, poonetsa kumene oonera akuchokera, pa External, WhatsApp ndiye ili pamwamba, Facebook imene ndimadalira ija ili pansi.

Mai a Ma Script
Basitu. Abale athu a ku Joni ali pa wifi ya kwa abwana kapena yolipira pamwezi, akaweruka amafuna filimu yonse yakwawo. Wa ku Mbayani akuwerenga ma MB. Ndiye nonse awiri mukunena zoona, aliyense akuona anthu ake. Gawo lachiwiri lembani ngati filimu imodzi koma muikemo malo 5 kapena 6 othera pokoma, kuti mukadula kachidutswa kalikonse kasiye munthu pakhosi. Muponye tizidutswa sabata ndi sabata, yathunthu pambuyo. Bajeti yojambulira siisintha, yokwera ndi ya editing yokha.

Anaphiri Editor
Yokwerayo muilembe mu propozo chonde, osadzandiuza kuti tingothandizana kkkk. Pa filimu ilipoyi musaichotse nkuikanso, mutaya ma views ndi link imene ikuyenda pa WhatsApp. Mu YouTube Studio muli Editor, mutha kudula mphindi zoyambazo link osasintha. Maina othokoza muwaike mu description, amfumu sakwiya, ali kale kumapeto. Muikenso ma chapters, timitu toonetsa nthawi imene chigawo chilichonse chikuyambira, yoyamba iyambire 00:00 ndipo akhale osachepera atatu, kuti amene bandulo inamuthera dzulo adziwe poyambira lero. Sound yanu yatsopano ndi imene simungailowetse pa fayilo yomweyo, ya Mjombayo idzalowa mu tizidutswa. Jambulani girafu ya lero musanadule, pakatha masabata 4 mujambulenso, zithunzi ziwirizo muziike moyandikana mu propozo.

Dolo wa Kamera
Propozo akuifuna pa 30, masabata 4 sakwana, ndiika ya masabata awiri nkulemba choncho. Ma logo ndadula kale, drone ndasiyako masekondi 10 poti tinalipira, musandiweruze. Mnzanga uja ndamutumizira ma screenshot wangoyankha kuti "ndinanena". Che Jafali Loweruka muli free tizungulire limodzi ku Bangwe? Anyamata a kumeneko amakudziwani inu, ine andiyesa wa ku khonsolo.

Che Jafali wa Pulojekita
Loweruka ndili ndi ukwati mpaka 3 koloko, tikumane pa depoti ya Limbe cha m'ma 4. Kope ndi bolopeni mubweretse nokha.

Mjomba wa Sound
Mtsikana uja mumuuze Lachitatu m'mawa, magetsi akakhalapo.