Pulotoni imalemera 938, makwaki ake 9 basi, zinazo zili kuti?

MnyamataWaUlongwe:
Moni nonse akuluakulu. Ine ndili kalasi 12 kuno ku Ulongwe, fizika ndimaikonda zedi koma pali chinthu chandizunguza mutu. M'kalasi tinaphunzira zoti phata la atomu lili ndi mapulotoni ndi manyutroni basi, nkhani n'kuthera pompo. Ndiye ndawerenga pa intaneti kuti pulotoniyo nayonso ili ndi makwaki atatu mkati, awiri a up ndi imodzi ya down. Up akuti ndi 2 MeV (muyeso wa kulemera kwa tizinthu ting'onoting'ono ngati timeneti) mwina kupitirira pang'ono, down pafupifupi 5, ukaphatikiza ndi 9, pomwe pulotoni yathunthu ndi 938 MeV. Nanga zinazo zikuchokera kuti? Komanso alipo anaiona kwaki ili payokha?

Aphunzitsi_Domwe:
Mwana wanga samu yakoyo ili bwino, ndipo funso limeneli ndi lomwe akatswiri akulimbana nalo panopa. Makwaki atatuwo amapereka 1 pa 100 ya kulemera kwa pulotoni. Zotsalazo ndi mphamvu. Ukukumbukira E=mc² ija, mphamvu yotsekeredwa m'kamalo kakang'ono imaoneka ngati kulemera, ndipo m'pulotonimo makwaki amathamanga modetsa nkhawa atamangidwa ndi maguluwoni, tizinthu tomata makwakiwo pamodzi ngati guluu, amene iwowo alibe kulemera koma mphamvu ali nazo zambiri. Ndiye kuti ukakwera pa sikelo ya kuchipatala, pafupifupi makilogalamu onse ukuwaonawo ndi mphamvu imeneyi. Ine nkhani iyi imandigwira mtima mpaka lero.
Za kuiona payokha, ayi palibe. Kuchokera 1964 pomwe Gell-Mann ndi Zweig anabweretsa ganizo la makwaki, palibe anaitulutsa imodzi. Tenga mpira wa legeni uukoke mpaka uduke, sutsala ndi nsonga imodzi m'manja, umatsala ndi zidutswa ziwiri chilichonse chili ndi nsonga zake ziwiri. Makwakinso ukawakoka kwambiri mphamvu ija imabala makwaki ena atsopano n'kukhalanso awiriawiri kapena atatuatatu.

NachisaleMoatize:
Zikomo aphunzitsi, ndiwonjezereko za mayeso ake poti mlongo wangayu asaganize kuti ndi zapachoko zokha. Ku CERN, malo ofufuzira za fizika pafupi ndi Geneva, kuli makina a LHC, ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, amagundanitsa mapulotoni kumeneko. Mu 2015 gulu la LHCb linapeza kanthu ka makwaki asanu, pentaquark, pomwe tinazolowera awiri kapena atatu, ndipo mpaka pano akukanganabe ngati asanuwo ali thumba limodzi kapena ndi tizinthu tiwiri tongogwirana mofooka. Gulu lina la ALICE limagundanitsa maphata a mtovu, kwa kanthawi kochepetsetsa makwaki ndi maguluwoni amasungunukira pamodzi ngati mmene zinalili chilengedwe chitangoyamba kumene.
Koma yomwe imandisangalatsa ine ndi ya spin, khalidwe la tizinthuti lofanana ndi kuzungulira ngati nguli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku CERN komweko anapeza kuti makwaki sakukwanitsa spin yonse ya pulotoni, lero akuti amapereka pafupifupi 30 pa 100, ndiye yotsalayo akuisakabe kwa maguluwoni ndi kayendedwe ka zamkatimo. N'chifukwa chake ku Brookhaven ku America akukonza makina atsopano, Electron-Ion Collider, oti aziombera maelekitironi pa mapulotoni aone bwinobwino maguluwoniwo akhala bwanji.

Bambo_wa_Songo:
Amayi mwafotokoza bwino koma ndifunse, ifeyo a kuno ku Tete tipindulanji? Ndinamva kuti CERN ikamagwira ntchito imadya magetsi pafupifupi 200 MW, damu lathu la magetsi la Cahora Bassa lonse limapanga 2075 MW ndipo midzi ina pafupi pomwepa ikadali mumdima.

NachisaleMoatize:
Bambo za mdimazo n'zoona ndipo zimandiwawa nanenso. Koma makina othamangitsa mapulotoniwa si a azungu okha ayi, ku South Africa pafupi ndi Cape Town kuli iThemba LABS, amafufuza za phata la atomu komanso makina omwewo amapanga mankhwala amene madokotala amaunikira khansa m'thupi. Ophunzira a ku South Africa alinso nawo ku ALICE. Munthu wodziwa kuyeza cheza choopsa (radiation) chonga chimene makina otere amatulutsa amafunika m'zipatala ndi m'migodi momwe, nanga timutenga kuti ngati ana athu sakufunsa mafunso ngati awa?

MnyamataWaUlongwe:
Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi achemwali. Koma 938 yo angathe kuiwerengera pa pepala kuchokera ku maguluwoniwo kapena amangoiyeza?

Aphunzitsi_Domwe:
Pa pepala sizitheka, samu yake yotchedwa QCD imakana njira zathu za masiku onse chifukwa maguluwoni amakokananso okhaokha. Amagwiritsa makompyuta akuluakulu, n'kudula malo ndi nthawi m'timabokosi ting'onoting'ono, lattice QCD, ndipo mu 2008 gulu lina la ku Ulaya linawerengera kulemera kwa pulotoni ndi anzake n'kugwirizana ndi zoyeza. Chimene palibe wachitsimikiza ndi samu yeniyeni ndi chifukwa chake kwaki siituluka payokha. Iwe limbikira masamu kaye, makamaka ma derivada ndi ma vekitala, ukafika ku yunivesite udzazifuna tsiku loyamba lomwe.