Kodi chingambwe n'chabwinoko kuposa ndudu za m'sitolo?

Wambatatesi wa pa Lizulu:
Abale, ndithandizeni nzeru. Fodya ndinayamba kusuta chifukwa cha chisanu cha m'mamawa tikamatsitsa matumba pamsika pano. Malume anga a ku Tsangano akuti ndudu za m'sitolo n'zothira mankhwala, n'chifukwa chake zimapatsa chibaba, bola ndizipichira chingambwe ngati iwowo. N'zoona zimenezi? Nanga bwanji chibaba chimandivuta kwambiri ndikangodzuka, tiyi ndisanamwe n'komwe?

Aphunzitsi a sayansi, Dedza boma:
Achimwene, malumewo akukufunirani zabwino, koma apa aphonya. Chomwe chakugwirani ndi chikonga, ndipo chikonga sachita kuthira kufakitale. Fodya amachipanga yekha ali m'munda, podziteteza ku tizilombo todya masamba. Makampani amawonjezeradi zokometsera, koma tsamba la ku Tsangano nalo lili nacho.

Mukakoka utsi, chikonga chimadutsa m'mapapo, kulowa m'magazi, n'kufika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20. Kumeneko chimatulutsitsa dopamine, amene amachititsa kuti mtima ukhale m'malo. Vuto n'loti sichikhalitsa: pakatha maola ngati 2, theka lake limakhala litatha m'magazi. Ubongo wa munthu wosuta umachulukitsanso malo olandirira chikongacho, ndiye mukagona usiku wonse osasuta, kukacha malo onsewo ali pululu. Chibaba cha m'mawa chija n'chimenecho.

Za chisanuzo musadzinamize. Chikonga chimafinya mitsempha ya magazi ya pakhungu, moti zala zimazizira kuposa kale.

NaPhiri wa ku Mayani:
Aphunzitsi akunena zoona. Kwathu timalima bale. Tikamathyola fodya m'mawa mame asanaume, achinyamata ena amayamba chizungulire, mutu, mpaka kusanza, chonsecho sanasutepo chibadwire. Ndi chikonga chomwecho, chalowera pakhungu lonyowa. Tsamba limenelo lathiridwa chiyani kufakitale, poti silinafike ndi m'chigafa momwe?

Namwino wopuma, Ntcheu:
Mwananga, chikonga chimangokumanga kuti usasiye, koma chokupha ndi utsiwo. Fodya aliyense akayaka amatulutsa mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewo amayambitsa khansa. Muli phula lomwe limamata m'mapapo. Mulinso carbon monoxide, mpweya womwe uja umakomola anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June. Umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino, n'chifukwa chake ukasenza thumba umapuma mwawefuwefu anzako akuseka. Chingambwe chilibe ndi kosefera komwe, kenako ukupichiranso papepala la kope la mwana. Osatengera zoti malume akalamba akusuta, ena amene ankasuta nawo limodzi ali kuti?

Wakabaza wa pa Kampepuza:
Ine ndinasiya, ase. Masiku oyambirira ndinali wolusa, tulo osabwera, kasitomala akangonenerera mtengo ine mkwiyo. Patapita masabata angapo zinayamba kuphwa. Chibaba chimabwera mwamphamvu koma ukachipirira mphindi zochepa chimadutsa. Ine ndinkayenda ndi mtedza wokazinga m'thumba momwe munkakhala machesi. Ovuta ndi anzako a pasiteji, wina akangoyatsa amakupatsira osapempha n'komwe.

Wambatatesi wa pa Lizulu:
Zikomo nonse. Mayi namwino, zopuma mwawefuwefuzo mwachita ngati mumandiona. Koma malumewo ndikawayamba bwanji, poti andipatsa kale mpukutu wathunthu?