Buku langa laima pa mutu 14, zaka zikungodutsa, anzanga mumamaliza bwanji?

Mphunzitsi_waNtcheu:
Mwaswera bwanji nonse muno. Ndaona kuti bola ndifunse kuno poti kunyumba ndikangoyamba nkhani imeneyi aliyense amapeza chochita panja kkk. Ine ndi mphunzitsi pa CDSS ina yake, ndimaphunzitsa Chichewa fomu 3 ndi 4. Ndinayamba kulemba nthano yaitali mu 2020 nthawi ija sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid. Nkhani yake ndi ya bambo wina amene anapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide, kumudzi nkusiya mkazi ndi ana awiri. Mitu 13 inatuluka yokha, ndinkalemba mpaka nkhuku kulira osamva kutopa. Mutu 14 ndi pamene munthuyo akubwerera kumudzi, itachitika ngozi ija ya 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown nkupha anthu athu oposa 70, Kamuzu nkuletsa kuti anthu asapitenso. Ndiye munthu wanga ali pa siteji ndi sutikesi ndi wailesi yake, ndipo waima pomwepo kuyambira 2022, sakusuntha.

Tsiku langa limayenda chonchi: 5 koloko ndadzuka, kusukulu mpaka 3, ndikafika kunyumba makope ochonga ali mulu, masikimu, Lachitatu kwaya, Loweruka kumunda kapena kumaliro. Usiku ndikati nditsegule laputopu mwina magetsi kulibe ndipo batire lake linafa kalekale silisunga moto ngakhale mphindi khumi. Magetsi akakhalapo ndimayamba kuwerenga mutu 1 kuti ndilowe mu nkhani, ndikapeza chiganizo chosandisangalatsa ndikonza, kenako china, kuzindikira 11 koloko yakwana ndikadali pa tsamba 6. Mutu 1 ndaulemba kasanu ndi kawiri. Inu amene munamalizapo buku, munatani?

Gogo_waZolemba:
Aphunzitsi, choyamba laputopuyo itsekeni muiike mu sutikesi. Ndikunena zoona. Pitani mukagule hadikava ndi mabolopeni awiri. Ine langa ndinamaliza pa manja ndili pa ntchito ya m'boma, ana asanu m'nyumba. Ndinkadzuka 4 koloko, kukoleza mbaula, madzi osamba ali pamoto ine ndili pa mpando ndi kope pa ntchafu, madzi akatentha ndatseka kope. Tsamba limodzi basi, nthawi zina theka. Ubwino wa bolopeni ndi woti sungabwerere mmbuyo kukakonza, ukafufuta kwambiri pepala limada iwe mwini nkuchita manyazi.

Ndipo kuwerenga mutu 1 usiku uliwonse lekani. Mukupalira mzere umodzi womwewo pamene munda wonse uli thengo. Mukafuna kulowa mu nkhani werengani ndime yomaliza yokha imene munasiyira dzulo. Ine ndinkasiya dala chiganizo chili pakati kuti mawa ndipeze poyambira.

Chemwali_waJoni:
Agogo anena zoona koma ine ndikuona ngati vuto si magetsi ayi. Mitu 13 munailemba magetsi ake omwewa, ntchito mwina inachepa nthawi ya Covid koma holide mwakhala nazo zingati kuchokera 2022? Ndifunse mwaulemu achimwene, bambo wa mu nthanoyo ndi ndani kwa inu? Chifukwa nkhani za Wenela ndi Theba, mabungwe aja ankatenga anthu kupita nawo ku migodi, pafupifupi banja lililonse lili nayo yake ndipo sizikambidwa poyera. Kuno ku Johannesburg ndakumanapo ndi anthu achikulire a mayina achimalawi koma Chichewa sadziwa ngakhale moni, bambo awo anali matchona, ena anabwerera kumudzi nkuwasiya ali makanda. Ndiye ngati munthu wanu akuopa kutsika pa siteji mwina pali chimene wasiya ku Joni chimene inu simukufuna kulemba.

Mphunzitsi_waNtcheu:
Iiii achemwali mwandilasa mtima. Ndi agogo anga aamuna. Anamwalira kale koma agogo aakazi alipo, ndipo amalume awiri alipo. Tonse timadziwa kuti ku Joni kunatsala mwana, chithunzi chake chinapezeka mu Baibulo lawo atamwalira, koma palibe amene anatsegulapo pakamwa mpaka lero. Mu pulani yanga mutu 14 mkazi akupeza chithunzicho. Nthawi zonse ndimadziuza kuti ndikusowa nthawi.

Chemwali_waJoni:
Ndinadziwa. Lembani mutuwo ngati palibe adzawerenge, kope mubise. Kulemba ndi kusindikiza ndi milandu iwiri yosiyana, wa amalume udzabwera nthawi yake. Mukadzamaliza ndiye mudzakhale pansi kusintha zimene zingaloze banja, mudzi usakhale wa ku Ntcheu mwina muutengere ku Mzimba kapena ku Dedza poti konseko anthu ankapita, ana asakhale awiri akhale anayi, chithunzi chisapezeke mu Baibulo. Koma agogo aakaziwo akadali moyo pitani mukacheze nawo, osati za mwanayo ayi, afunseni zazing'ono, kalata zinkafika bwanji, ankawawerengera ndani, tsiku lobwera anaphika chani, bulangete lija anabwera nalo linali la mtundu wanji. Zimenezo simungazipeze pa intaneti ndipo akapita apita nazo.

Kabaza_Poet:
Kkkkk adha mutu 1 kasanu ndi kawiri?? Ine ndimalemba ndakatulo zokha pa foni ndikamadikira makasitomala ndiye za mabuku aatali sindidziwa, koma chimodzi chokha, zimene mwalembazo zili pa laputopu yokhayo ya batire lakufayo? Mnzanga wina anataya nkhani yonse atamubera chikwama mu minibasi ya ku Limbe, analira ngati maliro. Dzitumizireni pa imelo lero lomwe, kapena pa WhatsApp, bandulo ya 500 ikwana. Fulashi yokha musaidalire imagwira mavairasi ku ma stationery uku.

Mkonzi_Zomba:
Ndiwonjezere za kutsogolo pang'ono kuti mudziwe kuti mukalemba mawu omaliza ntchito idakalipo, ndiye musataye mphamvu zonse pa mutu 1. Ndakonzapo zolemba za anthu angapo ndipo mutu woyamba ndi umene timadula kwambiri, nthawi zambiri nkhani yeniyeni imayambira pa mutu 2 kapena 3, wolemba amakhala akungotenthetsa mawu. Moti mwina mukupukuta chinthu choti chidzachotsedwa.

Mukamaliza lisiyeni mwezi wathunthu osalitsegula. Kenako muliwerenge mokweza, Chichewa chimagwidwa ndi khutu, pamene lilime lapunthwa pali vuto. Inu ndi mphunzitsi wa Chichewa ndiye za kalembedwe sindingakuphunzitseni, koma chenjerani ndi matenda a aphunzitsi: anthu a mu nthano kumayankhula ngati akulemba chimangirizo cha MANEB, mwambi pa ndime iliyonse. Munthu wochokera ku mgodi ayankhule ngati wa ku mgodi, aponyemo ndi Chifanakalo chimene ankalankhula kumeneko, ndipo a ku Ntcheu amveke kuti ndi a ku Ntcheu. Mawu okukayikitsani onani mu Mtanthauziramawu uja wa a Centre for Language Studies.

Za kusindikiza, ISBN, nambala ija yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives konkuno ku Zomba, ndipo buku likatuluka mumayenera kukasiyako kope. Za umwini wa buku pitani ku bungwe la COSOMA. Lowaninso Malawi Writers Union mupeze anzanu oti aziwerenga zanu, poti mkazi wanu ndi ana asukulu adzangoti ndi labwino. Ndipo musalembe ndi maso ali pa silabasi kuti mwina lidzasankhidwa kukhala la MSCE, ambiri amalota zimenezo ndipo nkhani imatuluka yoopa chilichonse.

Gogo_waZolemba:
Apo pa miyambi a Mkonzi mwandiponda chala kkk, langa munali yokwana kudzaza dengu.

Mphunzitsi_waNtcheu:
Ndabweranso patatha masabata atatu. Hadikava ndinagula, imelo ndinadzitumizira tsiku lomwelo a Kabaza zikomo. 4 koloko yandikanika agogo, ndayesa kawiri ndinagona pa kope, ndiye ndikumalemba mu stafu rumu nthawi ya buleki ndi ma period amene ndilibe kalasi, anzanga akuganiza kuti ndikulemba masikimu. Sabata yatha ndinapita kumudzi. Ndinafunsa za tsiku lobwera lija, agogo anaseka nkunena kuti sanaphike kanthu, anakwiya chifukwa munthu anafika usiku osatumiza mawu ndipo ufa munalibe m'nyumba, anakabwereka kwa apongozi. Ine mu pulani ndinali nditalemba kuti anapha mbuzi mudzi wonse nkuvina ngoma. Ndafufuta zonsezo. Panopa munthu wanga watsika pa siteji, wayenda usiku, ali pakhomo akugogoda ndipo mkazi wafunsa kawiri kuti ndani. Masamba 9 a pa manja. Chithunzi chija sindinafikepo, chidakali mu sutikesi pansi pa bulangete.