Loweruka tikukumana pabwalo la afumu, ndiyambire pati?

Wa komiti ya zaumoyo, Santhe:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Afumu atipatsa maola awiri okha kuti tikambe za kudzipha. Kwathu kuno mitima imathina msika wa fodya ku Chinkhoma ukatsekedwa, a katapila n'kuyamba kugogoda pakhomo. Ndaitana anyamata a kabaza, amayi a banki m'khonde ndi akulu a mpingo. Ndiwaphunzitse chiyani?

Namwino wa ku Kasungu:
Bambo, yambani ndi zimene timachita pofuna kuthandiza koma zikupweteka munthu. Wina akamwa tameki kapena mankhwala opopera m'munda, abale amathamangira mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere kuti asanze. Ayi ndithu! Masanzi amalowa m'mapapo. Mukaona malovu akungotuluka, thukuta lili kamukamu, akupuma movutikira, mugonekeni chammbali, mumuvule zovala zimene zanyowa ndi mankhwalawo, thamangani naye kuchipatala botolo lili m'manja. Ife tikaliwerenga timadziwa chochita, ndipo jekeseni wa atropine amapulumutsa anthu akafika msanga. Pa njinga yamoto wodwala akhale pakati, wina amugwire kumbuyo. Za mapilitsi muwauzenso: womwa panado wambiri amaoneka bwinobwino tsiku loyamba, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Asadikire.

Mkulu wa mpingo, Chamama:
Amayi namwino anenetsa, koma apo ndiye kuti madzi afika kale m'khosi. Bambo akayamba kugawa makasu ake, kapena kunena kuti “anawa mudzawasamale”, musaseke. Mutengereni pambali, mumufunse mosapsatira: “Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?” Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha usiku umenewo, ndipo zomuwerengera mavesi a chiweruzo zisiyeni. M'mawa mumuperekeze kuchipatala. Ku zipatala za Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso aphungu.

Mlimi wa ku Nkhamenya:
Mabotolo a mankhwala aja timangowaika pansi pa bedi. Ku Sri Lanka ataletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'munda, imfa zotere zinatsika kwambiri, chifukwa ambiri amamwa mtima utangopsa. Tikhome mankhwala m'bokosi, kiyi asunge wina.

Wa komiti ya zaumoyo, Santhe:
Zikomo nonse. Ola loyamba tiyeserera kugoneka munthu chammbali pa mphasa. Amayi namwino, a kabaza akufunsa: munthu akakomokeratu, akweretsedwe panjinga kapena tisake galimoto?